Paison Ndau ndi Zingwe za Pakhonde

Paison Ndau anabadwira ku Kandeu. Bambo ake anabwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi chifuwa chosapola, ndipo analumbira kuti mwana wawo sadzalowa pansi pa nthaka. Sukulu inamufikitsa ku yunivesite, kenako kunja kwa dziko. Kumeneko anasankha topoloje, nthambi ya masamu yofufuza zimene sizisintha pa chinthu ukachikoka kapena kuchipinda osachidula. Mtima wake unali pa mfundo za zingwe: ungadziwe bwanji kuti mfundo ziwiri zooneka zosiyana ndi imodzimodzi?

Ataphunzitsa nthawi yaitali, anatenga tchuthi nabwera kumudzi kudzamaliza kafukufuku wake. Anafikira kwa mlongo wake Salome. Pakhonde anakolowekapo zingwe za khonje zomangidwa mosiyanasiyana, ndipo ankaswera pomwepo, kuzitembenuza ndi kuzijambula.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Redson, mlimi woyandikana nawo amene kachewere wake anali atauma, anayamba kuuza anthu kumsika kuti mphunzitsi uja akumanga mvula. Salome anachonderera mchimwene wake kuti achotse zingwezo, koma Paison anangoseka.

Anthu anafika dzuwa lili paliwombo, atanyamula mipini ya makasu ndi miyala, namukokera pabwalo.

"Masulani mvula, aphunzitsi," anatero Redson, akumuponyera chingwe chimodzi.

Paison anayesa kufotokoza kuti mfundo imeneyo singamasuke chifukwa nsonga zake anazilumikiza. Anthu anangomva mawu oti singamasuke. Mwala unamupeza padiso. Atagwa anamupondaponda, namuphwanya zala za dzanja lamanja ndi mpini, pamene ena ankayatsa denga. Salome anadzigwetsa pamwamba pake akukuwa kuti ayambe kupha iye. Anthuwo anamuthyola nthiti Salomeyo, ndipo ataona kuti sakusuntha anabalalika. Mapepala onse a kafukufuku anapsera m'nyumba.

Achibale anawanyamula pangolo mpaka anapeza galimoto yopita kuchipatala kuboma. Diso lija silinaonenso. Redson anamangidwa, ena anathawa m'mudzimo.

Paison anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, nayambiranso kafukufuku uja kuchokera m'mutu, koma anangomaliza gawo lochepa. Anabwerera ku yunivesite atatengana ndi Salome, amene anakana kutsala. Ophunzira ake amati ankaphunzitsa modekha, koma akamva phokoso la gulu panja, ankasiya choko n'kukhala pansi mpaka litatha. Anamwalira asanapondenso ku Kandeu.