Mwendo wa thalauza m'sokosi

Kupalasa njinga mu Lusaka kumafuna munthu wopanda manyazi. Ine ndinkakhala ku Kabwata, ntchito ndinkagwira ku Woodlands, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalimbana ndi minibasi. Dalaivala akaona munthu mmodzi wayima m'mbali mwa msewu, amangokhotera pomwepo, iwe uli kutsogolo kwakeko uone wekha kolowera. Kawirikawiri ndinkalowera m'ngalande. Kondakitala n'kutulutsa mutu: “Ba njinga, muli na laisensi?” Basi yonse n'kufa nacho chiseko.

Ku Kabulonga nako alonda a pageti ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzafuna ganyu ya m'dimba. Mayi wina anandithamangira mpaka kupuma wefuwefu, ati ndimugulitse malasha, pomwe pakaliyala panali chikwama cha mabuku. Ndinapsa mtima, koma ndisaname, njingayo ndinkaikonda.

Manyazi anandigwira tsiku limodzi lokha. Ankhoswe anali atamaliza zokambirana, ndipo bambo ake a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira anati ndikadye nawo Lamulungu ku Chelstone, andione ndi maso awo. Ndinali nditamva kuti ndi munthu wosachedwa kugamula: akapanda kukukonda, amakupatsa madzi akumwa n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala. Mwana wawo wina anakwatiwa ndi mwini galimoto. Nanga ine ndikafike ndi belu?

Ndinapalasabe, poti Lamulungu minibasi imadikira kudzaza mpaka udzaiwala kumene ukupita. Pamsewu waukulu wopita kum'mawa malole ankandipemerera fumbi, tcheni chinagwa, ndinachibwezera ndi kamtengo kuti zala zisade. Nditafika pamsika wa Chelstone ndinasiya njinga kwa munthu wokonza matayala, ndinapukuta thukuta, ndinavala jekete, n'kuyenda wapansi ngati munthu wotsika takisi pakona.

Anandilandira pakhonde. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinakhala pakampando kafupi monga mkamwini wophunzitsidwa bwino. Bwenzi langa anabweretsa madzi, koma nditamuyang'ana, maso ake anali kumiyendo kwanga, milomo ataluma.

“Mwayenda bwanji, baba?” anafunsa bambowo.

“Bwino, atate. Nabwela chabe na takisi.”

Anayang'ana pansi. Nanenso ndinayang'ana. Mwendo wakumanja wa thalauza unali m'sokosi, mmene ndimaulowetsera nthawi zonse kuti tcheni chisaudye. Sokosi yakenso yofiira. Ndinalakalaka simenti ya pakhonde itang'ambika ndilowe.

“Takisi yanu ili na tcheni?” anatero, nkhope ili gwa. Mayi ake a mtsikana anathawira kukhitchini, ndipo ndinawamva akuseka mpaka kutsokomola.

“Mwaisiya kuti?”

“Pamaliketi, atate.”

“Pamaliketi! Imwe, muzapeza pasala chabe belu. Endani mukatenge manje manje.”

Ndinapita mutu uli pansi, ndikudziuza kuti ukwati wathera pasokosi. Pobwera ndinkaikankha pang'onopang'ono, chifukwa kukwera pamaso pa apongozi n'chipongwe. Ndinawapeza ayima pageti, jekete ya kutchalitchi atavula. Sanandiyang'ane n'komwe. Anagwira chishalo, anadina matayala ndi chala, anazunguza pedulo akumvetsera. Kenako anawerama, n'kulowetsa thalauza lawo m'sokosi.

“Atate, nanga BP?” anakuwa mwana wawo.

Anali atapita kale. Anatsika ndi msewu wafumbi, msana uli chilili, belu likulira, agalu a anthu akuwauwa m'mipanda. Mayi ake a mtsikana anandinong'oneza kuti bambowo ali mnyamata ku Katete ankanyamula matumba a mtedza panjinga, ndipo chisamukireni m'tauni ana akhala akuwaletsa kukwera, ati n'zochititsa manyazi.

Anabwerera akupuma movutikira, mano onse ali panja. Poyima anachita kukwekweretsa nsapato pansi.

“Mabuleki yanu ni yaboza monga takisi yanu,” anatero, akundipatsa njinga. “Simunganyamule mwana wanga pa ichi. Mubwele pa Sabata m'mawa tikonze, na sipanala nili nayo. Manje tiyeni tikadye, apongozi.”