Nsalu Yopsa ya Ba Tisa Yapezeka pa Salaula

Abale, ndikhulupirira mwaswera bwino.

Lero ndinatsika pa msika wa Rufunsa kukasankha malaya akale pa salaula, oti ndidule n'kusokera mapilo. Pa tebulo la amayi ena okalamba ndinaona nsalu yoyera yopetedwa nkhanga zitatu. Nkhanga yapakati ili ndi mwendo umodzi, ndipo pakona palembedwa ndi ulusi wofiira kuti "Tisa".

Akuluakulu mukuidziwa. Ndi ija amayi aang'ono anapetera akulu athu Ba Tisa pa ukwati wawo m'ma 1990. Ba Tisa anatiuza kuti inapsa ndi nyale ya palafini, ndipo amayi aang'ono amaidandaula mpaka lero.

Ndinafunsa kumene inachokera.

"Anabwera nayo mtsikana wina atangokwatiwa kumene," anatero ogulitsawo. "Masiku amenewo anthu ankasinthitsa nkhuku kapena chimanga ndi zovala. Iye anasiya nsaluyi n'kutenga nsapato za gogoda. Zinali zomuthina, mwana wanga, koma anapita akutsimphina, mano onse pamtunda."

Nsapatozo ndikuzikumbukira bwino. Tinauzidwa kuti inali mphatso ya alamu.

Nsaluyo ndaigula, ndipo ndaiyang'anitsitsa mbali zonse ziwiri. Palibe pamene moto unakhudza.

Amayi aang'ono sali pa gulu lino, koma Lamlungu akubwera kudzadya kwathu tikaweruka ku tchalitchi. Ndiiyale pa tebulo, kapena ndiyambe ndamva mbali ya mwini wake? Maganizo anu, abale.

Ba Tisa, foni yandionetsa kale kuti mwawerenga.