Abale a m'Buku la Telefoni

Ndinafika ku Silver Spring, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndili mnyamata wongochoka kusukulu ya kumudzi. Ndinkakhala ndi amalume, omwe ankagwira ntchito ku Rockville. Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mayi wina wachizungu, wokalamba, wamasiye. Ndinkawanyamulira matumba akamachokera kusitolo, iwo n'kundipatsa tiyi ndi mabisiketi. Ndinkakhala m'mphepete mwa mpando, kapu nditaigwira ndi manja awiri, n'kumavomera ngakhale zimene sindinamve. Dzina lawo la banja ndilisunga, chifukwa eni ake ndi ambiri ndipo sindinawapemphe onse. Limayamba ndi M.

Nyengo yozizira itafika, mayiwo anaterereka pamasitepe n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawagoneka m'chipatala ku Bethesda. Ndinkakwera basi masana ndikaweruka kusukulu kukawaona. Chipinda chinali choyera, chofunda, cha zii, ndipo pampando wa alendo panalibe munthu. Kwathu wodwala sagona yekha. Pamakhala womudikirira, woyala mkeka pafupi ndi bedi, womuphikira phala m'mawa. Ndinkaima pakhomo kudikira kuti mwina abale atulukira, koma ankangodutsa anamwino ndi nsapato zawo zosamveka.

Tsiku lina namwino anandifunsa ngati ndikudziwa m'bale wawo aliyense. Anati pakufunika munthu wa galimoto woti azibwera nawo kawiri pa sabata kudzaphunziranso kuyenda. Akapanda kupezeka, mayiwo sabwerera kunyumba kwawo, awatumiza kumalo osungirako okalamba. Mayiwo anatembenukira kukhoma. Anali atandiuzapo kuti malo amenewo amawaopa kuposa manda. Ine galimoto ndinalibe, ndipo amalume ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo.

Loweruka m'mawa, amalume atapita kukagula zakudya, ndinatenga buku la telefoni lomwe tinkatchingira chitseko. Mapepala ake anali opyapyala ngati a Baibulo. Ndinapeza dzina lija. Linatsika mzere wonse, n'kuyamba wina, n'kudzaza tsamba, n'kuwolokera tsamba lina. Ndinamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Mfunda waukulu chonchi, koma mayi wawo agone yekha? Kwathu mfunda ndi ubale. Ukakumana ndi wa mfunda wako padepoti, ngakhale achokere boma lakutali, mumafunsana za kumudzi, ndipo sungamusiye agone panja. Ndinaganiza kuti anthuwa sanamve uthenga basi, ndipo kupereka uthenga ndi ntchito ya ife achinyamata.

Ndinalemba mawu papepala, n'kuwayeseza kangapo, kenaka ndinayamba kuimba kuchokera pamwamba.

"Pepani kukuvutitsani. M'bale wanu wagonekedwa m'chipatala ku Bethesda, ndipo alibe womudikirira."

Wina anandifunsa chimene ndikugulitsa. Wina anangoika telefoni pansi. Mayi wina anayamba kulira, poganiza kuti ndikunena mwana wawo wamwamuna, ndipo ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Kuyambira pamenepo ndinkayamba ndi kunena kuti wodwalayo ndi mayi wokalamba. Bambo wina anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, anafunsa nambala ya chipinda, n'kutsanzika.

Amalume anandipeza ndili chigwadire pansi, buku lili pamaondo, chala chili pamzere.

"Iwe mphwanga, kwagwa maliro?"

Ndinawafotokozera. Anatula matumba, n'kukhala pampando, n'kuseka mpaka kuvula magalasi.

"Wafika pati?"

"Ndafika pa amene maina awo oyamba amayamba ndi D."

"Ukanafika pa Z apolisi akanabwera kudzakuthandiza kuwerenga. Tamvera. Dzina limeneli si mfunda. Limatanthauza munthu wa pachigayo. Kale ku Mangalande mudzi uliwonse unali ndi chigayo chake, ndipo wogaya ankangotchedwa ndi ntchito yake, ana ake n'kutengera. N'chifukwa chake achuluka. Ukufuna mwini chigayo wa pa Mponela akhale m'bale wa mwini chigayo wa ku Thyolo?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye bweza bukulo kuchitseko."

Ndinachita manyazi kwambiri, moti ndinakakhala pazenera masana onse. Kunja kunkagwa chipale chofewa pang'onopang'ono. Ndinayamba kuona chigayo chimene sindinachionepo, cha m'mbali mwa mtsinje, gudumu lake lalikulu likutembenuzidwa ndi madzi, chopanda phokoso la injini ngati cha kwathu. Anthu onse amene ndinalankhula nawo anali pamzere ndi matumba awo: wofunsa za malonda uja, mayi wolira uja, bambo wosadula mawu uja. Ufa unkawagwera m'tsitsi ndi m'nsidze, osaupukuta. Sankadziwana, koma aliyense ankasunthira thumba la mnzake kutsogolo mzere ukayenda, monga timachitira kwathu mwini thumba akapita kukamwa madzi. Ndinakhala m'chigayomo mpaka amalume anandiitana kuti ndikasende mbatata.

Lolemba ndinapita kuchipatala ndili wokonzeka kuulula zimene ndinachita. Pampando wa alendo panali bambo wachikuda, wamtali, wa imvi, chipewa chili pabondo.

"Ndiwe mnyamata wa telefoni?"

"Inde, bambo. Pepani kwambiri, ndinalakwitsa."

"Unalakwitsa ndithu. Ndakhala pano ola lathunthu kufunafuna agogo amene tingagawane ndi mayiwa, sitinawapeze."

Mayi aja anali atakhala tsonga, tsitsi atapesa, zomwe ndinali ndisanazione chigonekedwereni.

"Dzinali si langa n'komwe," anatero mayiwo. "Ndi la malemu amuna anga. Agogo awo anabwera pa sitima kuchokera ku Jeremani, n'kulikonza pang'ono kuti anthu akuno azitha kulitchula."

"Ife lathu tinalitenga kwa mwini munda," anatero bambo aja. "Munda unali wake, ndipo makolo anga nawonso anali akapolo ake."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Mayiwo anasalaza bulangete ndi dzanja nthawi yaitali.

"Ndiye chigayo simunagwirepo," anatero potsiriza.

"Ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse. Inu amuna anu?"

"Ankagulitsa nsapato."

"Basi, tonse ndife akuba dzina."

Mayiwo anaseka, n'kugwira m'chiuno chifukwa kuseka kunkapweteka. Kenaka anafunsa zimene ine sindikanalimba mtima kufunsa.

"Nanga mwabwereranji, podziwa kuti si ine m'bale wanu?"

Bambo aja anatembenuza chipewa chawo.

"Akazi anga anamwalirira m'chipatala chino chaka chatha, pansanjika ya pamwambapa. Telefoni kunyumba kwanga siilira kawirikawiri. Mnyamatayu anati pali munthu wopanda womudikirira. Galimoto ndili nayo, imangokhala."

Namwino atabwera ndi pepala lake, anayang'ana dzina la pabedi, n'kuyang'ana dzina limene bambo aja analemba, n'kuwayang'ana onse awiri.

"Ndilembe kuti pali ubale wanji?"

Bambo aja anatembenukira kwa mayiwo.

"Lembani kuti alamu anga," anatero mayiwo.

"Akutali," anawonjezera bambowo.

Mayiwo anatuluka m'chipatala Lachinayi la sabata yotsatira. Galimoto inali yaitali, yobiriwira, yonunkhira fodya wakale. Ine ndinakhala kumbuyo nditakumbatira chitsulo choyendera ndi thumba la mankhwala. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali yopanda masamba, ndipo dzuwa linkalowa ndi kutuluka pakati pake. Kutsogolo awiriwo ankakangana za njira yachidule yopita ku Silver Spring. Mayiwo ankati tikhotere kumanja, bambowo ankati mumsewu umenewo anayendetsamo basi zaka zambiri ndipo sangaphunzitsidwe ndi mlamu wa sabata imodzi. Anandifunsa kuti ndiweruze. Ndinati onse akunena zoona. Tinadutsa njira ya mayiwo, ndipo inali yaitali.