A Zigoba a Kuseri kwa Inshuwalansi

Alamu anga anagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi moyo wawo wonse, koma tayi sanamangepo. Anthu akamva kuti achemwali anga anakwatiwa ndi bambo wa ku inshuwalansi ankayembekezera chikwama chachikopa ndi nsapato zonyezimira. Koma ankawapeza ali mu ovolosi yamafuta. Ntchito yawo inali kuseri kwa ofesi, kuyadi yosungirako magalimoto ochita ngozi. Galimoto ikaphwanyika moti singakonzekenso, kampani inkalipira mwiniwake, chigobacho n'kukhala cha kampani mpaka atapezeka wogula zitsulo. Wolandira zigobazo anali alamu angawo, ndipo tauni yonse inkawatchula kuti a Zigoba.

"Alamu, tsiku lina mudzalowa nokha pamzere wa katundu wanuyu," ndinkawaseka.

"Mukamadzabwera kudzandigula, mlamu, mudzatenge wilibala," ankatero.

Kampaniyo inakhazikitsidwa ndi boma iwo akadali mnyamata. Nthawi imeneyo makampani a inshuwalansi anali akunja okhaokha, ndipo munthu wakuno wa lole imodzi kapena basi yakutha akalowa mu ofesi mwawo ankamuyang'ana ngati wabwera kudzapempha madzi akumwa. Boma linati chigawo chathu chikhale ndi kampani yakeyake. Inayambira m'zipinda za pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndi matebulo obwereka komanso njinga yamoto ya woyeza ngozi. Alamu analembedwa ntchito yosesa. Chigoba choyamba chitafika, mabwana anasowa pochiika. Anachikokera pabwalo lakuseri n'kuuza wosesa kuti azichiyang'anira, ndipo ntchito ya moyo wawo inayamba choncho, popanda wowaphunzitsa.

Kagwiridwe kake anakapeza okha. Galimoto ikangotsitsidwa ankalowamo ndi magolovesi ndi ndowa, n'kutolera zonse zimene sizinali za galimoto: nsapato ya phazi limodzi, magalasi a m'maso, ambulera, kachipewa ka mwana, makiyi a nyumba. Ankazichapa, kuziyanika, n'kuziika pashelefu m'kanyumba kawo ka malata. Achibale akafika ku ofesi kudzafunsa za katundu wa malemu, alembi ankawalozera kugeti lakuseri. Kumeneko alamu ankawakhazika pabenchi kunja kwa mpanda, kuwapatsa tiyi, kenako n'kuwabweretsera katunduyo atamupinda bwino.

Lamulo lawo linali limodzi: wachibale salowa m'yadi. Ankati munthu azikumbukira nkhope ya m'bale wake, chitsulo chopindika asiyire iwo. Ngakhale mabwana sankatsutsa. Ine ndinkaziona zonsezi chifukwa makina anga osokera anali pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi getilo. Ndinaona ena akuchonderera, ena akutukwana, koma geti silinkatseguka. Ndipo ndinkawaikira kumbuyo alamu anga, chifukwa ndinkadziwa kuti amatero pofuna kuchitira anthu chifundo.

Kampani inakula ife tikuona. Inamanga nyumba yosanja yakeyake, inatsegula nthambi m'matauni ena, makalendala ake n'kupezeka mometera tsitsi monse. Kenako boma linagulitsako gawo lina, patapita zaka n'kugulitsa lotsalalo. Dzina linasintha, mtundu wa ovolosi unasinthanso. Alamu ankati, "Andigulitsa ndili mtulo, koma wondigula sanabwere n'kudzandiona mano." Eni atsopanowo sanali anthu oipa. Anangoona kuti bwalo lalikulu chonchi pakati pa tauni silingamasungire dzimbiri. Analamula kuti zigoba zizigulitsidwa komwe zagwera, zotsala m'yadi zidulidwe, pamalopo pamangidwe masitolo. Alamu nawo nthawi yopuma inali itakwana, ndiye sanadandaule.

M'miyezi yomalizayo m'pamene kunayamba kubwera mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale. Amuna ake anamwalira galimoto yawo itawombana ndi lole tsiku la mvula. Ulendo woyamba analandira jekete ndi chikwama cha malemuwo, anathokoza, kenako anati, "Bambo, ndimafuna ndione galimotoyo."

"Mayi, mulibe chabwino muno," anatero alamu.

Mayiyo anapita, koma sabata yotsatira anabweranso, choko chili mbuu pasiketi. Sankakuwa, sankalira. Ankangopempha zomwezo, kumwa tiyi, n'kumapita. Pamenepo n'kuti odula zitsulo atayamba kale ntchito. Ankadula mzere ndi mzere kuchokera kugeti, ndipo galimoto ya amuna ake inali cha kumapeto. Mayiyo ankadziwa kuti akangoifika, sadzaionanso mpaka kalekale.

Tsiku lina anawoloka msewu n'kudzakhala pafupi ndi makina anga.

"Mayi a telala, ndamva kuti bambo aja ndi alamu anu. Kandilankhulireniko."

"Amachitira inu nomwe, aphunzitsi," ndinatero. "Zili mmenemo si zoona ndi maso."

"Ndikudziwa. Koma ine galimotoyo ndimaiona kale. Ndikangotseka maso ndimaipanga ndekha, lero ina, mawa ina, iliyonse yoopsa kuposa inzake. Pangozipo panalibe ine. Bokosi anabwera nalo lokhomakhoma. Ndikungofuna ndione chinthu chimodzi chenicheni, mutu wangawu usiye kupeka."

Ndinamumvera chisoni kwambiri, moti ulusi sindinkauonanso bwino. Masana omwewo ndinapita kugeti kukawauza alamu. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anandiyankha mokalipa.

"Mlamu, inu sokani madiresi. Za muno zisiyeni."

"Mwakhalitsa ndi zigobazi mpaka mutu wanu wachita dzimbiri," ndinawabwezera, n'kubwerera kumakina anga nditakwiya. Masiku otsatirawo tinkangopatsana moni wapakamwa. Achemwali anandiuza kuti kunyumba alamu akungokhala duu, chakudya akungochitola pang'ono.

Odula zitsulo anafika pamzere womaliza Lachisanu masana. Mayi uja anabwera ataweruka kusukulu, koma ulendo uno sanapemphe kanthu. Anangoima pageti manja ali kumbuyo, akumvetsera kulira kwa makina odulira. Alamu anatuluka, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera mkati. Posakhalitsa makina aja anazima. Ndinawamva akuuza odulawo kuti akayambe apuma kaye pamthunzi. Kenako geti linatseguka lonse, ndipo alamu anandikodola.

"Mlamu, bwerani muwagwire mkono mayiwa."

Zaka zonsezo ndili tsidya la msewu, aka kanali koyamba kuponda m'yadimo. Munali fungo la oyilo ndi chitsulo chopsa. Alamu anatsogola chipewa chili m'manja. Galimotoyo inali yoyera, yaing'ono. Mbali ya dalaivala inali itapindikira mkati, koma mbali inayo inali ngati ilibe vuto, ndipo udzu unali utamera kuzungulira matayala.

Mayiyo anandisiya mkono. Anaizungulira pang'onopang'ono, n'kuika dzanja padenga pake.

"Ndi yomweyi basi?" anafunsa chapansipansi.

"Ndi yomweyi, mayi."

"Anakhala apa?"

"Eya."

Kenako anatembenukira kwa alamu. "Bambo, inu mwaona zambiri. Musandinamize. Anavutika nthawi yaitali?"

Alamu anagwada pambali pa chitseko. Anamuonetsa pomwe lole inagunda, mmene chitsulo chinalowera, ndi pomwe mpando unathera. Ankalankhula mofatsa, ngati mmene amafotokozera woyeza ngozi.

"Kugunda kotere, mayi, munthu sadziwa n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Galimoto zimene munthu wavutikiramo ndimazidziwa, mkati mwake mumaoneka. Iyi ayi. Sindikukunamizani."

Pamenepo m'pamene mayiyo analira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Ndinamugwira mpaka anatonthola. Anapukuta m'maso ndi mpango, anagwira dzanja la alamu ndi manja ake onse awiri, n'kunena kuti, "Zikomo, bambo. Lero ndikagona." Ndinamuperekeza mpaka pamsewu.

Pobwerera ndinapeza alamu atakhala patayala, odula zitsulo akudikirabe pamthunzi. Ndinaganiza zowaseka kuti dzimbiri lija layamba kuchoka, koma nditaona nkhope yawo ndinameza mawu.

"Mlamu," anatero osandiyang'ana, "mukuwakumbukira agogo ena ankabwera ndi ndodo, mwana wawo anali kondakitala wa basi? Anabwerabwera mpaka anasiya."

"Ndikuwakumbukira."

"Ndi mtsikana uja anali ndi pakati, anagwira geti mpaka alonda anachita kumuchotsa?"

"Eya, alamu."

"Kodi nawonso ankafuna kundifunsa zomwezi?"

"Kaya, alamu. Mwina ena, mwina ayi."

Anayang'ana bwalo lonse, lomwe tsopano linali mbee kupatula mzere womalizawo, patangotsala madontho a oyilo pomwe pankakhala magalimoto.

"Yankho ndinali nalo," anatero. "Onse aja ndikanawayankha."