Zilembo za Anthu Akutali

Ganizo lopita ku Joni linandibwerera tsiku limene ndinamaliza kulemba dzina pa golosale yotsiriza ya pa Mayani. Ndinayang'ana uku ndi uku: butchala, chigayo, saluni, ponseponse panali dzanja langa, ndipo penti yanga sinkasuluka msanga. Ntchito ndinali nditadzithera ndekha. Amayi nditawauza, anangopitiriza kusankha mbewu ya mbatata ya kachewere, nati, "Kodi kumeneko kulibe odziwa kulemba?" Mwezi wotsatira ndinali m'basi, mabulashi anga ali m'chikwama.

Mabulashiwo anangokaona dziko. Kumeneko zikwangwani amakonza pa kompyuta, makina n'kudula. Ndinapeza ntchito yosesa ndi kumata pa kampani ina yaing'ono, ndipo mnzanga wa ku Zimbabwe, Tendai, ndiye anandiphunzitsa kuti zilembo nazo zili ndi mitundu ngati nyemba. Mtundu umodzi unandilowa mumtima. Zinali zonenepa, mwendo wina wochindikala, wina woonda, ndipo chilichonse chinali ndi timapazi tophwatalala pansi, ngati munthu amene waima nji ndipo simungamusunthe. Tendai ankati, "Izi si zolembera nkhani yaitali, zimatopetsa maso. Mawu awiri kapena atatu basi. Anazipangira munthu amene ali kutali, woti awerenge asanafike."

Ine ndinkafuna kuziika paliponse, mpaka anzanga anayamba kundiseka. Sindibisa, ndinkasungulumwa koopsa. Lamlungu, m'kachipinda kamene tinkagonamo ndi anthu osadziwana mtundu, ndinkajambula zilembozo pa makatoni kuti tsiku lithe. Ndalama kumudzi ndinkatumiza modumphadumpha, chaka china ya feteleza yokha. Pafoni ndinkati zonse zili bwino, nawonso ankati zonse zili bwino.

Amayi anamwalira ndili konko. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sindikanalowanso. Achemwali anga a Lusiya ananditumizira uthenga wa mawu, kumbuyo kwake kukumveka kwaya ikuimba pasiwa. Ndinaumvera ndili pamakwerero, ndikumata chikwangwani cha malo ogulitsira matayala. Chimene ndinatha kuchita ndi chimodzi. Ndinadula chitsulo chabwino chosachita dzimbiri, n'kulembapo dzina lawo ndi zilembo zanga zija, zoyera pa penti yakuda, kuti chikaikidwe pamanda. Ndinapatsira dalaivala wina wa thiraki. Achemwali anayankha kuti, "Chafika, n'chokongola." Mtima wanga unakhala pansi, ndinkaganiza kuti mbali yanga ndachita.

Ndinabwerera chaka chatha mu Novembala, mwezi umene Akatolika kwathu ku Kabwazi amapita pamodzi kukalambula manda ndi kupempherera akufa. Tsiku lomwelo, ndikufuna poika katundu, ndinachipeza chitsulo changa kuseri kwa matumba a kachewere, chitakulungidwa m'chitenje cha amayi.

Ndinafunsa amalume, a Damiyano. Iwo anaseka pang'ono nati, "Iwe, manda si butchala. Zilembo zaphokoso chonchija, anthu akanati tatsegula malonda." Akazi awo anandikokera pambali nati si choncho ayi, nkhani ndi yakuti chiliza sichimangidwa mwana wamwamuna kulibe. Msuweni wanga anati vuto linali mabanja ena, amene ali ndi timitanda tamatabwa chabe, akanati tikudzikweza ndi ndalama za ku Joni. Aliyense ankamveka ngati akunena zoona. Sindinadziwe kaya ndikwiye, kaya ndipepese, kaya ndipepese kwa yani. Achemwali okha ndi amene sanapereke chifukwa. Anangoti, "Mawa tipite, mutenge khasu."

M'mawa mwake kunali nkhungu, kukuzizira monga kumachitira kwathu kumapiri mvula ikayamba. Ndinanyamula khasu paphewa, chitsulo m'khwapa. Titalowa m'mandamo, aliyense analunjika pake osafunsa. Ine ndinaima. Mitumbira inali yofanana, udzu utamera, mitanda yambiri itadyedwa ndi chiswe, ndipo panalibe choti ndiwerenge. Manyazi anandigwira kuti ndifunse, choncho ndinasankha mtumbira wooneka watsopano n'kuyamba kupalira. Mayi wina wachikulire anandigwira mkono mwaulemu nati, "Zikomo bambo, koma amenewo ndi amuna anga."

Achemwali anabwera n'kunditsogolera kupyola mizere iwiri mpaka patsinde pa mtengo wa msuku. "Ali apa," anatero. "Mutu uli uku."

"Nanga mukudziwa bwanji, popanda chizindikiro?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa njira ya kuchitsime. "Tinalipo, achimwene."

Kenako anatenga chitsulo chija, nachipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kundibwezera. "Zikani. Ife sitinkachifuna, koma inu mungadzasochere."

Ndinachizika kumutu, ndipo amalume sanaletse. Mpaka lero sindikudziwa ngati anandilola chifukwa chondilandira kapena chondimvera chisoni. Nditamaliza ndinabwerera chafutambuyo mpaka kunjira, monga ndimachitira ndi chikwangwani chilichonse, kuti ndione ngati chaongoka. Tendai sananame, dzina la amayi linkaoneka bwinobwino kuchokera kutali. Anthu onse anali chowerama pa mitumbira ya abale awo, ndipo wowerenga ndinali ine ndekha.