Tsiku Limene Chizungu Chinawathera a Sakala

Ndikamva fungo la mtedza wongozula kumene, ndimaona njinga yakuda ya aphunzitsi athu, a Sakala, itatsamira nkhokwe yathu ku Madzimoyo. Inali nthawi ya Chitaganya, mwezi wa Juni, chisanu chikung'amba milomo ndi zidendene.

A Sakala anali munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Pasukulu pawo Chinyanja chinali mlandu, ukachiyankhula unkakakumba dzenje la zinyalala. Chaka chimenecho, tili mu Sitandade 4, anatiloweza mndandanda wa mawu amene Angerezi amanena akakhumudwa, kuti tikadabwitse nawo ochonga mayeso. Ati Mngerezi zikamuvuta amasanduka wabuluu, nkhope imamutalika, mtima umamumira ngati mwala m'chitsime. Ife tinkaseka mpaka misozi pobwerera kumudzi, tikuyezana nkhope ndi kaudzu kuti tione yatalika ndi ya yani. Tinkadziwa chiyani za chisoni ife, ana okhuta mbatata zootcha?

Ndinadzachidziwa dzina langa litasowa papepala la opita ku Sitandade 5. Malo anali ochepa, ana tinali mbwee. Atate sanakalipe. Anangoti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, lole ya kufamu ya mzungu ikubwera Lolemba, ndikwere ndikayambe ntchito ngati anzanga. Pa mawu onse ndinaloweza aja panalibe ndi limodzi lomwe lofika pomwe pankandiwawa. Ndinkangothothola mtedza.

Loweruka masana a Sakala anatulukira, tayi ili m'khosi. Anaima chilili pamaso pa atate n'kuyamba Chizungu chawo chija. Atate anapitiriza kuthothola osadzutsa mutu, poti kwathu wodzapepesa sayankhula ataimirira. Aphunzitsi anakakamira mawu awiri atatu, kenako zii. Anavula chipewa, anakhala pansi padothi ndi buluku lawo losita bwino lija, nakokera mulu wa mtedza pafupi n'kuyamba kuthothola nawo. Patapita nthawi ndithu ndi pamene anati, "Pepani bambo, zandiwawa ine. Mwanayu mutu ali nawo. Ndipatseni chaka chimodzi chokha." Ine kukamwa yasa! Sindinkadziwa n'komwe kuti munthuyo Chinyanja amachitha.

Atate anangouza amayi kuti awathirire aphunzitsi mtedza m'kathumba.

Lolemba m'mawa lole inafika, kapitawo akuitana maina. Ndinatuluka ndi kamtolo kanga. Atate anandilanda kamtoloko, anakaponya m'nyumba, n'kuuza kapitawoyo kuti, "Uyu ndi wa a Sakala, pitani."

Chaka chotsatira dzina langa linalipo, ndipo Chizungucho ndinadzachiphunzitsa inenso zaka zambiri. Mndandanda uja ndinaiwala theka lake. Koma mpaka lero, mwana wa munthu akalephera, sindiyamba ndi mawu. Ndimayamba ndafuna pokhala.