Ndinapita kumapiri a Asamburu osatsanzika

Ndinalakwa chinthu chimene ambiri a ife timachiyesa nzeru: ndinapita ulendo wautali wam'nkhalango osauza munthu. Ulendowo unali wokoma, sindinama, ndipo ndikaukumbukira mtima umakhala m'malo. Koma amene anavutika nawo ndi amayi anga ku Dedza, amene phirilo sanaliponde n'komwe. Inu owerenga, makamaka amene muli kunja kuno, ndimvereni.

Ndimagwira ntchito m'bungwe lina lothandiza anthu ku Nairobi, ndipo ndimakhala ndekha m'fulati ku Kilimani. Lamulungu lililonse amayi akatuluka m'tchalitchi amandifulasha, ine n'kuwaimbira, n'kumacheza za mvula ndi za yemwe wakwatiwa. Ali ndi vuto la kuthamanga magazi, ndipo adokotala anatichenjeza kalekale kuti asamakhale ndi nkhawa.

Kwathu ulendo sitilengeza. Munthu amangosowa, mawa mumva kuti ali ku Joni. Timati ukauza anthu, wina wanjiru akutchingira njira. Ngakhale pobwera ku Kenya kuno, azakhali anga enieni anamva nditatera kale. Ndine wasukulu, ndimapemphera, koma chizolowezi chimenechi chinandilowa m'magazi.

Choncho gulu lina la Akenya okonda kuyenda m'mapiri litakonza ulendo wa kumapiri a kumpoto, kumene kumakhala Asamburu, ndinalowa nawo mwakachetechete. Kuntchito ndinangopempha tchuthi. A Nachisale a ku Buruburu, mayi wa kumpingo amene ndimawatenga ngati mkulu wanga, ndinawauza kuti ndikhala ndikupuma m'nyumba. Amayi sindinawauze chilichonse. Tinkanyamuka Lolemba, kubwerako Loweruka, ndiye ndinati Lamulungu lindipeza pafoni ngati kale.

Galimoto inatisiya pamene msewu unathera, mumtsinje wouma wa mchenga wokhawokha. Ine ndinkadzitama kuti mwana wa ku Dedza phiri silingamuopse. Ndinaiwala kuti miyendo imeneyi yakhala zaka zambiri ikungoponda mabuleki pa Ngong Road. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali wefuwefu, chikwama chikundikokera kumbuyo, matuza atayamba kale kuchitendene.

Titakwera ndithu tinalowa m'nkhalango yeniyeni, yamdima masana, mitengo yake yaitali yokutidwa ndi ndere. Tinkatsata njira za njovu, kulumpha ndowe zake zina zikutuluka nthunzi. Zomera zoyabwa ngati chitedze zinatikwapula m'miyendo, linthumbu linatilowa m'mathalauza mpaka bambo wina wa ku banki anavina gule amene sanaphunzirepo. Pena tinkakwawa pathanthwe ndi manja, phompho lili pambali. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho. Komabe ndinkasangalala. Kutulukira pamwamba pa nkhungu, n'kuona chigwa chofiira chitayalika mpaka kumene maso amalekeza, ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi osachita manyazi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tikutsika pamalo ena oterera ndinaponda muzu wonyowa, phazi linapindika, ine khu! pansi. Kakolo anatupa nthawi yomweyo moti nsapato anachita kudula zingwe. Anzanga anandinyamula mosinthana mpaka pakamudzi kena m'mphepete mwa nkhalango, tinyumba tochepa tozira ndi ndowe, tozunguliridwa ndi mpanda wa minga. Wotitsogolera, amene anali Msamburu, anakambirana ndi eni mudzi. Anagwirizana kuti ine nditsale, gulu litsike, iye adzabwerenso ndi anthu a machira ndi galimoto yodikira kunsi.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku ndiye kwakukulu. Asananyamuke, wotitsogolerayo anandifunsa kuti akafika pa netiweki aimbire ndani. Ndinaganiza za amayi ndi magazi awo, ndinaganiza za a Nachisale akumva kuti ndinawanamiza, ndiye ndinati asavutike, palibe woimbira. Ndinkati ndi nkhani ya masiku awiri basi. Madzulo ake mvula inayamba, ndipo mtsinje wouma uja unasanduka chimadzi cholusa chimene ngakhale ngamila sinkachiwoloka.

Anandisunga ndi mayi wina wachikulire dzina lake Nasieku, wamikanda yodzaza khosi lonse. Mpongozi wake ankadziwa Chiswahili, ndiye ndi kanga kotolera m'maminibasi ndi mumsika tinkamvana choncho. Mayiyo ankandithowa mwendo ndi madzi otentha, kuupaka mafuta a nkhosa, n'kuumanga ndi chikopa. Ndinkamwa mkaka wonunkhira utsi wa m'chipanda, tiyi, nthawi zina uchi wam'nkhalango. Anandiseka kwambiri nditayesa kukama mbuzi, mbuziyo n'kundiponda phazi labwinolo. Nanenso ndinawaphunzitsa kuluka tsitsi la ana mwa kwathu. Kunena zoona, sindinagonepo tulo tabwino ngati tam'kanyumba kautsi kaja.

Koma Lamulungu linafika. Foni yanga inali itazima kalekale, ndipo ngakhale ikanayaka, netiweki kunalibe. Ndinakhala pamwala ndikuona amayi m'maganizo, atatuluka m'tchalitchi, akufulasha, akudikira, akufulashanso. Ndinadzitonthoza kuti aganiza kuti ndatanganidwa. Lamulungu lina litadutsanso mvula isanaleke, mkaka unasiya kundikomera.

Anthu aja ali ndi mwambo umene amautcha kudya nkhani. Mlendo akafika, ngakhale wongodutsa, amakhala pansi n'kufotokoza bwinobwino kumene wachokera, amene wakumana nawo, kumene akupita ndi tsiku lobwerera, enawo akuvomera pang'onopang'ono. Kumeneko munthu sapita kukafuna ngakhale mbuzi yotayika osanena chigwa chimene alowere, chifukwa akachedwa anzake ayenera kudziwa kokamuyang'ana. Tsiku lina Nasieku atandipeza ndikulira anafunsa, kudzera mwa mpongozi wake, kuti kwathu akudziwa ndani kuti ndili kuno. Ndinati palibe. Anafunsanso, poganiza kuti mpongoziyo sanamasulire bwino.

"Ndiye kuti mayi ako anamwalira?" anatero.

Ndinati ali moyo. Ndinayesa kufotokoza za anthu anjiru otchinga njira. Iye anagwedeza mutu kuti akuzidziwa, kwawonso anthu a diso loipa alipo. Kenako anati, "Koma amene anakubala ndi wa diso loipa?"

Sanadikire yankho. Mlamu wake ankapita kutsidya lina la phiri kukaona ng'ombe, ndiye ndinamulembera nambala ya a Nachisale ndi khala pansalu yake. Iye anakauza wina, winayo anauza mayi wogulitsa fodya, mpaka uthenga unafika kwa namwino wa pakachipatala ka mishoni, amene anaimba foni. Nkhani inayenda pakamwa, n'kuwoloka pamene galimoto inalephera.

Madzi ataphwa wotitsogolera uja anabweradi ndi machira. Nasieku anandiveka mkanda umodzi, n'kundilavulira timate m'manja, kumene ndi kudalitsa kwawo. Ndinatsika phirilo ndili pamapewa a anthu ngati mkwatibwi, ndikuseka nawo.

Kuseka kunathera ku Kilimani. Ndinapeza a Nachisale ndi amayi ena a kumpingo atakhala pakhonde la fulati yanga. A Nachisale anandikumbatira, kenako anandikankha pang'ono n'kunena kuti, "Achemwali, ife takufunani mpaka kumotchale. Tatsegulitsa makabati a anthu akufa kufuna nkhope yanu." Anandifotokozera kuti amayi atalephera kundipeza anaimbira iwo. Mlonda anati ndinatuluka m'mamawa ndi chikwama chachikulu, kuntchito anati ndili patchuthi, kupolisi analibe poyambira. Mawu oti motchale anafika ku Dedza kudzera mwa wachibale wina wapakamwa, ndipo amayi atangomva anagwa pabwalo. Uthenga wa namwino uja unawapeza ali kale m'chipatala, mbali yakumanzere itachita dzanzi.

Ndinakwera ndege yopita kwathu ndikuyendera ndodo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Koma amayi anangondigwira nkhope ndi dzanja lamanja, kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati anthu a kuphiriwo ankandipatsa chakudya chokwanira. Ndinawafotokozera za Nasieku, za mbuzi yondiponda ija, mpaka anaseka ndi pakamwa popotoka. Anandituma kuti ndikamupatse mayiyo chitenje chawo chatsopano, ndipo ndinakapereka ndekha chaka chotsatira. Ulendo umenewo mpingo wonse unaudziwa.

Lero amayi akuyenda, akulankhula bwino, kutchalitchi akupita okha. Ine kumapiri sindinasiye, ndipo sindikuuzani kuti muziopa nkhalango kapena anthu okhala kutali. Pitani mukaone, kuli anthu abwino kuposa mmene timaganizira tili m'maofesi. Ngati mukuopa anjiru, musalengeze pa WhatsApp, palibe akukukakamizani. Koma sankhani munthu mmodzi kapena awiri, muwauze kumene mukupita, amene mukupita nawo, ndi tsiku loti ayambe kukufunani mukapanda kubwera. Ndipo wina akakufunsani kuti tiimbire ndani, tchulani dzina. Ndinkati pobisa ndikuwateteza amayi ku nkhawa, koma nkhawa ya mwana wobinya mwendo akanaipirira. Imene inawagwetsa ndi ya mwana wosadziwika kumene ali.

Mwendo wanga unapola mwezi usanathe. Dzanja la amayi lamanzere mpaka lero siligwira khasu. Iwo amaseka n'kunena kuti linatopa kale ndi kulima, lipume, koma ine ndimadziwa chimene linasiyira kugwira.